Tauni Imene Ndinaikana

Modesta ndi Yohane, ana anga, ndalemba izi chifukwa pakamwa sinditha. Mukundidziwa. Ndikati ndiyambe nkhani yaikulu, ndimangoyamba kufunsa za mvula. Tsopano popeza ndinapuma pa ntchito, nthawi ndili nayo, ndipo pepala silindiyang'ana m'maso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, choncho mukapeza polakwika musaseke kwambiri. Za ubwana wanga ku Mphunzi munazimva kale. Ndiyambira pa ntchito. Nonse awiri munakula mukudziwa kuti amayi anu amadana ndi tauni, ndipo ndikufuna mudziwe kumene mawu amenewo anachokera.

1986

Ntchito yoyamba anandipezera ndi amalume anga, a Damiyano, amene ankagulitsa mbatatesi pa sukulu ina ya sekondale ya amishoni kufupi ndi Lobi. Iwe Modesta unali usanayambe kukwawa. Bambo ako, a Fabiano, anali atangopita ku Lilongwe kukaphunzira ukalipentala ku Mchesi, ine n'kutsala pakhomo pa amayi anga. Masiku amenewo sindinali munthu wokondwa. Mimba yako ndinatenga ndili pa sukulu, tisanadalitse ukwati kutchalitchi, ndipo ngakhale ukwatiwo unadzadalitsidwa, mudzi sunaiwale. Ndikafika pachitsime, azimayi ankasiya nkhani yawo. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo pa nyimbo ndinkangoyendetsa milomo. Manyazi ndinabadwa nawo, koma chaka chimenecho anakula mpaka ndinkayenda nditayang'ana zala zakumapazi.

Bwana wanga anali a Sisitere Agata, amene ankayang'anira antchito ndi katundu wa sukulu. Anali aafupi, oyenda mofulumira, makiyi akulira m'chiuno. Tsiku loyamba anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana iwe kumbuyo kwanga.

"Mwanayo amusunga ndani?"

"Ndilibe womusiyira, Sisitere. Amayi amakhala kumunda."

"Amalira?"

"Pang'ono."

"Ana a Fomu 1 amalira kuposa pamenepo. Mubereke bwino, tenga tsache."

Ntchito yanga inali kusesa makalasi ana asanalowe, kenaka kukolopa ndi kupukuta makonde. Zipangizo zinali zosowa. Matsache tinkamanga tokha ndi udzu wa kudambo. Chikolopa chinali thumba lakale kapena juzi imene mwana wasukulu wataya. Sopo a Sisitere ankadula ndi ulusi kuti tizidutswa tifanane, ndipo ukapita kukapempha wina ankayamba akufunsa kuti, "Woyamba uja unadya?" Polishi wa m'sitolo sitinkamuona. Tinkatola zotsala za makandulo a m'tchalitchi, kuzisungunula m'chitini pamoto wochepa, kuziphula, kuthiramo parafini ndi ufa wofiira uja amathira m'simenti, n'kutakasa mpaka zitazizira. Kupaka kwake kunali chogwada, ndipo mwezi wa Julaye simenti ya ku Dedza imaluma mawondo. Komabe ntchitoyo ndinaikonda. Munthu wogwada pakhonde anthu samuyang'ana, ndipo ine zimenezo n'zimene ndinkafuna.

1987

Khonde langa lomaliza tsiku lililonse linali la Fomu 3. Masana m'kalasimo munkalowa a Matewere, mphunzitsi wa Chingerezi. Anali a ku Blantyre, obadwira ku Ndirande, owonda, ndipo kuzizira kwa kwathu kunkawazunza. Nkhungu ikatsika ankavala majuzi awiri ndi chipewa choluka, mpaka ana anawapatsa dzina loti a Chisanu. Buku la ndakatulo linali limodzi sukulu yonse, chikuto chake chomata ndi phala. Choncho iwo ankawerenga mokweza, kenaka n'kumasulira m'Chichewa ngakhale zinali zoletsedwa, chifukwa ana akangomva Chingerezi chokhachokha ankawodzera. Mawindo ena a kalasiyo analibe magalasi. Umu ndi mmene ine, munthu wa Sitandade 6, ndinaphunzirira ndakatulo za Angerezi ndili chogwada, iwe utagona kumsana.

A Matewere anati alakatuliwo anali a ku Mangalande, a kalekale, nthawi imene mafakitale ankachuluka ndipo anthu ankasiya minda kuthamangira m'matauni. Iwo ankakonda mapiri, mitsinje, mitengo ndi abusa a nkhosa. Tauni ankailemba ngati malo a utsi wophimba dzuwa, malo a phokoso losatha, kumene nkhope za anthu n'zotopa ndipo ana amakalamba asanakule. Chimene chinkawawawa kwambiri chinali chakuti munthu ukhoza kuyenda pakati pa khamu tsiku lonse popanda wokupatsa moni kapena wodziwa dzina lako. Ena akakhala m'tizipinda ta m'tauni ankatseka maso n'kumakumbukira mapiri a kwawo kuti mtima ukhale pansi. Ena ankavomera kuti tauni ili ndi kukongola kwake, koma ankaikonda ikakhala zii, eni ake asanadzuke.

Ana asukulu sankagwirizana nazo. Onse ankawerenga kuti adzapite kutauni. Ndikukumbukira mmodzi wolongolola, dzina lake Lemani, akufunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati tauni inawanyansa, bwanji sanatisiyire ife malo awowo?"

"Iwe Lemani, ukadzafika kumeneko udzalira phiri la kwanu."

"Phirilo ndidya, aphunzitsi? Agogo anga aliyang'ana moyo wawo wonse, nsapato alibe."

"Ulembe zimenezo pa mayeso, tione ngati nsapato uzipeze."

Kalasi inaseka, inenso ndinaseka chamumtima. Tsiku lina ana atatuluka, a Matewere anaima pafupi ndi chitini changa cha polishi.

"Mayi a Modesta, simenti ya pansi pa windo ili ikuwala kuposa khonde lonse. Yakulakwirani chiyani?"

Ndinafuna kulowa pansi. Ndinati, "Pepani, aphunzitsi."

"Musapepese. M'kalasi muja omvetsera ndi ochepa. Inu mwandiwonjezera mmodzi."

Sindikudziwa kumene mphamvu ndinaitenga, koma ndinafunsa nditayang'ana chikolopa. "Kodi zimene amanenazo n'zoona? Bambo a mwanayu ali ku Lilongwe."

Anakoka chipewa chawo mpaka m'makutu. "Utsi ulipo, phokoso lilipo. Sananame. Koma ndikuuzeni, mayi. Ndikamawawerengera anawa za ubwino wa mapiri, mtima wanga umakhala uli pamsika wa Ndirande, pamene akukazinga tchipisi, mawailesi akulira nyimbo zosiyana nthawi imodzi. Anthu aja ankalira mapiri ali m'tauni. Ine ndikulira tauni ndili paphiri. Musakawauze a Sisitere."

Ine ndinakhulupirira alakatuli kuposa a Matewere, chifukwa mawu awo anali m'buku. Ndinayamba kuwamvera chisoni bambo anu. Ndikamapukuta khonde ndinkawaona m'maganizo akuyenda mu utsi, nkhope yotopa, opanda wowaitana dzina.

1988, tchuthi chachikulu

Sukulu itatsekera, bambo anu anabwera kudzatitenga kuti tikawaone kumene amakhala. A Sisitere anandipatsa masabata awiri, n'kundiuza kuti ndikachedwa tsache langa alipatsa wina. Aka kanali koyamba ine kukwera basi ya ulendo wautali. Titatsika pa depoti ya Lilongwe ndinagwira malaya a bambo anu ngati mwana. Utsi unalipodi, wa mabasi ndi wa makala. Phokoso linalipodi. Mumtima ndinati, buku lija linanena.

Ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Mchesi, kuseri kwa shedi imene ankapaliramo matabwa. Ponseponse pankanunkhira utuchi ndi vanishi. Masiku oyamba sindinatuluke. Kenaka madzi anatha, bambo anu ali pa ntchito, ndipo ndinayenera kupita ndekha kumpopi. Ndinapeza mzere wa azimayi akucheza. Ndinaima potero, kudikira kuti asiye nkhani yawo monga ankachitira kwathu. Sanasiye. Mmodzi anangocheuka n'kuti, "Asisi, ndinu omaliza? Ikani ndowa apa, wina angakudutseni." Wina, amene Chichewa chake chinkamveka cha kumpoto, anakugwira tsaya iwe Modesta n'kuti, "Kamwana kokongola." Basi. Sanafunse kuti ndine mwana wa yani, ndinakwatiwa liti, unabadwa mwezi uti. Anabwerera ku nkhani yawo ya mtengo wa tomato, ine n'kuima pamenepo ngati munthu wina aliyense.

Ndikubwerera ndi ndowa pamutu ndinazindikira kuti chimene alakatuli aja ankalira ndi chimene ine ndinkachisowa. Iwo ankadandaula kuti kutauni palibe wodziwa dzina lako. Mwina mayina awo anali abwino kwawo. Langa linali lolemera, ndipo kumeneko ndinalitula pansi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkatuluka tsiku lililonse, iwe kumsana. Ndinkawoloka mlatho kupita kumsika waukulu popanda chogula. Ndinkayang'ana nkhope za anthu, zotopa ndi zosatopa, ndipo palibe amene ankadabwa nane. Tsiku lina ndinasochera m'misewu ya masitolo a Amwenye, koma sindinachite mantha, ndinangofunsa njira kwa mayi wogulitsa mtedza. Tsiku lina ndinagula nthochi n'kudya ndikuyenda, pamsewu, masana. Kwathu zimenezo sindikanayerekeza. Tauni yopanda anthu imene alakatuli ena ankaikonda ine sindinaifune. Ndinkaikonda itadzaza, pamene umasowa poponda.

Lamulungu tinapita kutchalitchi. Munali anthu ambiri moti malo tinawapeza pakati, osati kumbuyo. Atayamba nyimbo yolowera, imene ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, ndinangomva mawu akutuluka. Ndinaimba mpaka mayi wa kutsogolo kwanga anacheuka n'kumwetulira. Potuluka bambo anu anayenda pambali panga n'kuti, "Anabanda, mawu amenewa munkawabisa kuti?"

Madzulo a tsiku lomwelo anandiuza kuti akufuna kukapempha chitengwa. Monga mukudziwa, kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo akafuna kumutenga mkaziyo kukakhala naye kwina, ayenera kupempha kwa amalume ake. Anati ntchito yayamba kuyenda, apeza chipinda chachikulupo, ndipo ine ndikhoza kumagulitsa mandasi kapena kupeza ntchito yosesa pa sukulu ina. Ndinavomera msanga mpaka ndinachita manyazi.

1988, mvula isanayambe

Anabwera Loweruka lina ndi mkulu wawo, a Paulo, amene anali nkhoswe yawo. Anabweretsa nkhuku monga mwa mwambo. Tinakhala pakhonde pa amayi anga, pafupi ndi matumba a mbewu ya mbatatesi. Amuna anakhala pa mipando, ine ndi amayi pamphasa. Iwe Modesta unali ndi zaka pafupifupi zitatu, ukusewera ndi zitsononkho pabwalo.

Musaganize kuti a Damiyano anali munthu wouma mtima. Anali ofatsa, oseka msanga, ndipo ndi iwo anandiimirira nthawi imene ena ankati ndichoke pamudzi. Anamvetsera a Paulo mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kenaka anati:

"Ankhoswe anzanga, tamva, ndipo sitikukana. Akamwiniwa ndi munthu wa ntchito. Mkaziyu mutengeni. Koma Modesta atsala."

Iwo anapitiriza mofatsa. "Mlongo wangayu anabereka mwana wamkazi mmodzi, ndi uyu. Uyu wabereka wamkazi mmodzi, ndi uyo akusewera apoyo. Mukatenga onse awiri, munda wa kudambo udzakhala wa yani? Banja lino lidzapitirira mwa yani? Ndiponso chaka chatha tinaika mwana wa msuweni wathu amene anabwera m'bokosi kuchokera m'tauni momwemo. Modesta anasiya kuyamwa. Agogo ake alipo, manja ali nawo."

Bambo anu anaiwala kuti pa nkhani yotere woyankhula ndi nkhoswe. Anati, "Mwanayo ndi wanga."

"Ndi wanu, akamwini, palibe akutsutsa. Koma mbumba ndi yanga."

"Ndiye ndizilipira lendi ya chipinda chachikulu kuti mwana wanga azikagona ndi mbatatesi kuno?"

"Mbatatesi zomwezo zinalera mkazi amene mukumufunayo."

A Paulo anawagwira bondo bambo anu kuti akhale chete, koma ndinaona kuti moto wayaka. Ndinkawadziwa onse awiri. Amalume akanena mofatsa choncho sankabwerera. Bambo anu akadziwa kuti ine ndikufuna kupita, akanamenya nkhondo mpaka kwa amfumu, mpaka kwa ansembe, ndipo iwe ukanakhala chingwe chokokerana. Kupita ndekha n'kukusiya sindikanatha. Ndinayesa kuganiza ndikudzuka ku Mchesi kumsana kulibe kanthu, mtima unakana. Kunena zoona, kuti tauni ndaikonda koma mwana wandimanga, kukanakhala kuika mlandu pa amalume pamaso pa alendo, ndipo iwe ukanakula ukumva kuti unatsekera amayi ako njira.

Pamenepo amalume anatembenukira kwa ine. "Mwiniwake wangokhala chete. Iwe Veronika, ukuti bwanji?"

Mawu anga ndinalibe. Amene anabwera anali a pansi pa windo lija, ndipo anabwera mwa ndondomeko yake monga a Matewere ankawanenera.

"Ine kutauni sindinakukonde," ndinatero nditayang'ana mphasa. "Utsi wake umaphimba dzuwa. Phokoso silitha. Nkhope za anthu n'zotopa, ndipo ana amakalamba asanakule. Munthu umayenda pakati pa anthu ambirimbiri tsiku lonse popanda wokupatsa moni, popanda wodziwa dzina lako. Ndikakhala m'kachipinda kaja ndinkatseka maso n'kumaona phiri la Mphunzi kuti mtima ukhale pansi. Sindingakakhale kumeneko. Pepani."

Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Amalume anandiyang'ana modabwa n'kuti, "Mwana ameneyu chibadwire sanayankhulepo mawu ochuluka chonchi. Ndiye kuti zinamukhudzadi." A Paulo anati ngati mwiniwake sakufuna palibe chokakamiza, ndipo nkhani inathera pomwepo, popanda mkangano. Nkhuku ija tinadya tonse.

M'mawa mwake ndinawaperekeza bambo anu kumsewu. A Paulo anatsogola dala. Tinayenda m'nkhungu mtunda wautali, kenaka bambo anu anaima.

"Anabanda, ine ndinakuonani ku Lilongwe. Munthu wodana ndi tauni sayenda chonchija."

Ndinakokera chitenje paphewa, iwo n'kupitiriza.

"Mukanangonena mawu amodzi, ndikanalimbana nawo."

"Ndikudziwa," ndinatero.

"Nanga bwanji?"

Ndinayang'ana kumsewu n'kuti, "Fulumirani, basi ingakusiyeni."

Nkhani za kumudzi sizichedwa. Lolemba a Matewere anandipeza pakhonde. "Mayi a Modesta, ndamva kuti munakhoza mayeso a ndakatulo kuposa Fomu 3 yonse." Ankaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti, "Kani munaikonda." Ine ndinapitiriza kupukuta. Chaka chotsatira anawasamutsira ku Blantyre. Pochoka anandisiyira juzi imodzi, ati kumene akupita sadzaifuna. Ndinasiya kuchedwa pansi pa windo lija, chifukwa mphunzitsi watsopano sankamasulira m'Chichewa.

1990 mpaka 2005

Bambo anu sanasiye kubwera nthawi yomweyo. Iwe Yohane unabadwa mu 1990. Koma ukwati wa pa Khirisimasi ndi pa Pasaka suchedwa kuzizira. Maulendo anayamba kutalikirana, ndipo kenaka a Paulo anabwera kudzatiuza mwaulemu kuti mng'ono wawo wapeza mkazi wina kumeneko. Musawasungire chakukhosi. Anapempha moyenera, anakanidwa ndi pakamwa panga, ndipo sanauzepo munthu zimene ankadziwa. Fizi yanu ankatumiza akakhala nayo.

Mu 1995 anandisamutsira ku khitchini ya sukulu ina kufupi ndi Kasina. Bwana wa kumeneko, a Chimphepo, anali munthu wofuula koma wosasunga mkwiyo. Nkhuni zinkasowa moti nthawi zina tinkaphikira zitsononkho ndi makungwa a paini, ndipo nyemba zikafumbwa tinkazipeta mpaka mikono kuwawa. Anzanga a m'khitchini anali atamva mbiri yanga. Wina akati akufuna kupita kutauni, ankamuuza kuti, "Kafunse mayi a Modesta, akuuza za utsi." Ine ndinkabwereza mawu omwe aja, ndipo pobwerezabwereza anasalala ngati khonde langa. Atsikana ena ndinawabweza nawo. Ena anapita ndithu, ndipo ndinkawaperekeza ndi maso.

Ndakhala ndikuganiza za alakatuli aja zaka zonsezi. Sindikuti ananama. Ndikuganiza kuti munthu amalemba bwino za malo amene sali. Iwo anali ndi mapiri oti azilira, ndipo anthu anawalembera kulirako m'buku, ana n'kumalemba mayeso. Kulira tauni uli kumudzi kulibe ulemu wotero. Ukanena, amati wayamba makhalidwe oipa.

2006 mpaka 2025

Ntchito yanga yomaliza inali yosesa maofesi pa boma la Dedza. Kumeneko polishi anali wa m'sitolo, ndipo mawondo anga anapumula. Mabwana anasinthana ambiri, ena sanadziwe n'komwe dzina langa, ndipo sizinandipweteke. Nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala pa mwala wina kumene ndinkaona mabasi opita ku Lilongwe. Anzanga ankati ndikuothera dzuwa.

Ku Lilongwe ndinabwererako pa maliro a bambo anu, pa ukwati wako Modesta, ndi pamene unabereka. Ulendo uliwonse munkandisamala ngati wodwala. "Amayi, pirirani, mawa tikukwezani basi, tikudziwa kuti kuno simugona bwino." Mwamuna wako ankatseka mawindo a galimoto kuti utsi usandipeze, n'kudutsa njira yolambalala msika. Ine ndinkati zikomo. Amalume anamwalira akukhulupirira kuti anasunga mbumba yawo, koma iwe amene unatsalira munda unakhoza sukulu n'kupita kutauni komweko, ndipo palibe anakuletsa chifukwa nthawi inali itasintha. Tsiku limene unanyamuka ndinalira, anthu n'kumati ndikukuopera. Sindinkakuopera.

Modesta, usawerenge izi n'kuyamba kudziimba mlandu. Sindikulapa. Atandibwezera pa mphasa ija lero, ndinganenenso mawu omwewo, chifukwa ndinakuona ukukula tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo sindingasinthanitse ndi mlatho kapena msika. Ndikungofuna kuti chinthu chimodzi chikonzeke nthawi ikadalipo.

Mwezi watha Yohane anandiuza kuti iwe ndi mwamuna wako munamanga kachipinda kuseri kwa nyumba yanu, ndipo unamuuza kuti, "Ndikanawaitana amayi adzakhale nafe, koma ndingawazunze, amadana ndi tauni." Anandiuza akuseka, inenso ndinaseka, kenaka ndinamufunsa ngati kwawo mvula yagwa. Ndiye chifukwa chake ndalemba.

Nyemba ndikolola mwezi wa mawa, ndipo nkhuku ndikhoza kumusiyira Yohane. Usatume mlongo wako, undifunse wekha. Ndikudzidziwa, ndidzayamba ndi kukana, mwina ndidzatchula ndi utsi womwe. Usadzamvere zimenezo, mwana wanga. Udzafunsenso.